Kusankha kiti ya mfuti ya gogodela yomanga nokha: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali pano ndi amene anzanga kuno ku Indiana, ndi ena akumudzi oona zithunzi pafoni, akhala akundifunsa mobwerezabwereza chiyambireni kumanga mfuti zachikale m'galaja yanga. Zambiri zikukhudza dziko la America, poti chizolowezichi kwawo ndi kuno.

Mfuti mukunenayi ndi gogodela yakwathu ija?

Mtundu wake ndi womwewo: onga ndi chipolopolo zimalowera kukamwa, n'kutsindira ndi ndodo, ndipo ukawomba kamodzi uyambirenso kuthira. Mfuti zotere zinafika kwathu m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ndi akapolo. Kusiyana kwake n'kwakuti zimene tikukamba pano mpope wake ndi wa kufakitale, wachitsulo choyenera, ndipo m'kati mwake muli mizere yopota imene imazunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika. Si zija zosula kuseri kwa nyumba ndi paipi ya madzi, zimene zadula anthu zala.

Nanga kiti ndi chiyani? M'bokosimo mumakhala chiyani?

Kiti ndi mfuti yonse yosalumikiza. Mumapezamo mpope, thabwa limene mpopewo umagonamo, loko amene amayatsa onga, trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ndi chotchingira chake, chitsulo cha kumapeto kotsamira paphewa, timapaipi tosungira ndodo yotsindira, ndodoyo, ndi kathumba ka masikuluwu ndi timapini. Thabwa limabwera loyera, losapaka kanthu, ndipo zamkuwa zimabwera zokhakhala monga zinatulukira m'chikombole.

Onga, zipolopolo ndi zipangizo zogwirira ntchito mulibe.

Kodi malamulo amalola?

Ku America, lamulo la boma lalikulu la 1968 la Gun Control Act siliwerenga mfuti zopangidwa mu 1898 kapena kumbuyo kwake, ndi zotengera zake zoyatsa ndi mwala kapena kapu (kakapu kamkuwa kothetheka moto kakamenyedwa), mofanana ndi mfuti zamakono. N'chifukwa chake m'madera ambiri kiti imafika pakhomo ngati katundu wina aliyense. Koma dera lililonse lili ndi malamulo akeake. New Jersey imaiona ngati mfuti ina iliyonse, ndipo ku Illinois amafuna khadi la chilolezo chokhala ndi mfuti lotchedwa FOID. Ngati muli kuno pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, funsani kaye loya musanaitanitse. Nkhani ya mfuti ndi mapepala okhalira m'dziko si yoyendera mphekesera za pa WhatsApp.

Ku Britain n'kovuta kwambiri. Mfuti ya mizere yoti muziwombera imafuna satifiketi ya polisi, ndipo onga wakuda umafunanso chilolezo china cha zophulika.

Achibale akumudzi, funso lija loti ndikuikireni kiti m'kontena, yankho ndi ayi. Ku Malawi kukhala ndi mfuti popanda laisensi ndi mlandu, ngakhale ikhale gogodela.

Makiti onse ndi ofanana?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Mawu oti kiti amaphimba zinthu zitatu zosiyana kwambiri, ndipo funso lenileni pogula si lakuti mfutiyo ndi yokongola bwanji pachithunzi, koma lakuti ntchito yotsala ndi yochuluka bwanji ndipo manja anu angaithe kapena ayi.

Gulu loyamba ndi makiti a kufakitale, monga a Traditions, amene amapangidwa ku Spain, kapena a Pedersoli ndi Investarm a ku Italy. Iyi ndi mfuti imene fakitale imagulitsanso yothaitha, kungoti aichotsa pamzere asanaipalire ndi kuipaka. Mabowo ambiri ndi obowola kale. Ntchito yanu ndi kupala pang'ono pomwe pakukana, kusalaza, kupaka thabwa ndi kudetsa chitsulo. Otsika mtengo amakhala pa madola mazana ochepa. Vuto lake ndi lakuti thabwa amalisiya lonenepa, ndipo munthu wamantha akangolipaka osalichepetsa, mfuti imatuluka ngati mpini wa khasu.

Gulu lachiwiri ndi limene linatchuka ndi Jim Kibler wa ku Ohio, amene amasema matabwa ndi zitsulo ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta. Zigawo zake zimalowana pafupifupi zokha, ndipo maonekedwe ake amatsatira mfuti zenizeni zakale, monga Southern Mountain Rifle, Colonial ndi Woodsrunner. Mtengo umapitirira $1,000. Anthu ena achikulire m'chizolowezichi amanyogodola kuti kumeneko si kumanga mfuti, n'kungolumikiza. Ine sindivomereza. Kupala, kusalaza ndi kupaka ndi kumene kumasiyanitsa mfuti yooneka ndi yosaoneka, ndipo ntchito imeneyo imakhalabe yanu.

Gulu lachitatu ndi limene ogulitsa ena salitchula n'komwe kuti kiti, amangoti mulu wa zigawo. Apa pali Track of the Wolf ya ku Minnesota, Pecatonica River ya ku Illinois, ndi Jim Chambers wa ku North Carolina. Thabwa ndi losema mwachisawawa, malo a loko ndi mpope ndi oyamba chabe kugoba. Mubowola nokha mabowo a mabawuti, mudula nokha mazinga ake, mugoba nokha pogona chitsulo cha paphewa, nthawi zina mudulanso timipata pampope tolowetsamo zoyang'anira. Apa maola 100 amatha mosavuta, ndipo kubowola kamodzi mokhota kungakuwonongereni thabwa la madola mazana.

Musanalipire, imbani foni mufunse zinthu zitatu: kodi chotsekera kumbuyo kwa mpope ndi chomanga kale, kodi mabowo a mabawuti a loko ndi obowola, ndipo kodi kabowo koyatsira ndi kobowola. Mayankho ake akuuzani gulu limene kitiyo ili, kaya pabokosi alemba chiyani.

Ndiye munthu woyamba kumene atenge iti?

Ngati simunagwirepo tchizulo ndipo ndalama ndi yochepa, tengani ya kufakitale yoyatsa ndi kapu. Mukalakwitsa simulira kwambiri. Ngati thumba likulola ndipo mtima uli pa flintlock (yoyatsa ndi mwala), sungani ndalama miyezi ingapo mutenge ya gulu lachiwiri. Gulu lachitatu lisiyeni mpaka mutamaliza imodzi, pokhapokha ngati ndinu kalipentala kale kapena muli ndi munthu wodziwa woti azikuyang'anirani.

Chimene sindilimbikitsa ndi flintlock yotchipa kwambiri. Chifukwa chake chili m'funso la loko m'munsimu.

Flintlock ndi percussion zimasiyana bwanji?

Pa flintlock, tambala wa loko amaluma mwala. Mukakoka trigger, mwalawo umakhula chitsulo cholimba choimirira, mbaliwali za moto zimagwera m'kambale ka onga wosalala, ndipo motowo umadutsa kabowo kukayatsa onga wa mumpope. Pa percussion, hamala imamenya kakapu kamkuwa kovekedwa pa kansonga, kamene achikulire ena kwathu amati fataki. Njira yachiwiriyi inachokera pa zimene m'busa wa ku Scotland, Alexander Forsyth, analembetsa mu 1807, ndipo makapu anafala m'zaka za m'ma 1820 ndi 1830.

Percussion ndi yosavuta kuphunzira, siopa chinyezi kwambiri, ndipo imalola onga wolowa m'malo. Koma makapu amasowa m'masitolo nthawi zina. Flintlock imafuna kuleza mtima: kunola mwala, kupukuta kambale, ndi kuzolowera moto wothwanima pafupi ndi nkhope osaphethira. Koma ndi imene imagwira anthu mtima. Ku Pennsylvania kuli nyengo yosaka agwape ikatha Khirisimasi imene amalola flintlock yokha, ya .44 kapena kupitirira.

Hawken, Kentucky, Pennsylvania: mayina onsewa akutanthauza chiyani?

Mfuti yaitali imene anthu amati Kentucky inabadwira ku Pennsylvania, makamaka m'dera la Lancaster, m'manja mwa amisiri ochokera ku Germany m'zaka za m'ma 1700. Thabwa lake limafika mpaka kukamwa, ndipo mpope umatha kukhala mainchesi 42 kapena 44. Za kumapiri a kummwera, ku Tennessee ndi North Carolina, n'zowonda, zazitsulo zakuda, zopanda zokongoletsa zambiri.

Hawken ndi dzina la abale awiri, Jacob ndi Samuel Hawken, amene anali ndi shopu ku St. Louis kuyambira m'zaka za m'ma 1820. Mfuti zawo zinali zazifupi, zolemera, zambiri za thabwa lofika pakati, zopangira anthu opita kumadzulo pa akavalo kumene kunali njati ndi zimbalangondo. Dziwani kuti zambiri zogulitsidwa ndi dzina la Hawken lero, zamkuwa wonyezimira, zimatsatira imene Thompson/Center inatulutsa mu 1970, osati za abale aja, zimene zinali zazitsulo zakuda. Great Plains Rifle ya Lyman ndiyo inayandikirako. Ngati cholinga chanu n'kungowombera chandamale, zimenezi zilibe kanthu. Koma ngati mukufuna kulowa magulu ovala zakale ochita sewero la nkhondo yomenyera ufulu wa America ya 1775 mpaka 1783, Hawken ya kapu sakulolani nayo, chifukwa nthawi imeneyo kunalibe.

Pomanga, ya thabwa lalifupi imakhululuka. Thabwa lalitali kutsogolo kwake n'kopyapyala kwambiri, ndipo mpope ukachoka, kungolitsamira pang'ono lathyoka.

Ndisankhe kukula kotani kwa chipolopolo?

Manambala monga .32, .45 ndi .50 ndi kukula kwa bowo la mpope poyeza ndi inchi; .50 ndi theka la inchi, mamilimita 12.7. Za .32, .36 ndi .40 ndi za agologolo, akalulu ndi chandamale: sizidya onga wambiri ndipo sizikankha phewa, koma zimada msanga ndipo ndodo yake yowonda imathyoka. Za .45 ndi .50 ndi za agwape. Za .54 ndi .58 ndi za nyama zikuluzikulu.

Woyamba atenge .50, chifukwa zonse zofunikira zimapezeka m'sitolo iliyonse yogulitsa zotere. Chipolopolo chake chobulungira chimakhala .490, cholemera pafupifupi magalamu 11.5, ndipo mpata wotsalawo umadzazidwa ndi kansalu kopaka mafuta kamene kamachikulunga.

Pali china chimene ambiri sachiganizira. Mipope iwiri yofanana kunja, wa .45 ndi wolemera kuposa wa .50, poti bowo laling'ono limasiya chitsulo chambiri.

Nanga 1:48 kapena 1:66 zolembedwa pamipope?

Ndi kupota kwa mizere ija. 1:66 ikutanthauza kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchesi 66. Kupota kwapang'onopang'ono, monga 1:60 mpaka 1:70, ndi kwa chipolopolo chobulungira cha kansalu. Kwachangu, monga 1:28, ndi kwa zipolopolo zazitali. 1:48 ili pakati, imayesa zonse ziwiri, ndipo ndi imene ili pa makiti ambiri a Hawken a kufakitale. Mfuti yachikale imene mudzawombera zobulungira zokha, tengani yapang'onopang'ono.

Ena amanena za mpope wa swamped. Ndi wofunika?

Umenewu ndi mpope wonenepa kumbuyo, wowonda cha pakati, n'kukulanso pang'ono kukamwa, monga ankasulira amisiri akale. Pamfuti yaifupi simungaone kusiyana kwenikweni. Pamfuti yaitali n'kusiyana kwa usiku ndi usana. Wowongoka wa mainchesi 42 umakoka dzanja lakutsogolo ngati mwanyamula mgwala, pamene wa swamped kulemera kwake kumabwerera pakati pa manja. Ndi wokwera mtengo, koma ngati mungathe, musaumire pamenepa. Mayina a opanga mipope amene mudzakumana nawo ndi Rice, Colerain ndi Green Mountain.

N'chifukwa chiyani mumalimbikira za loko?

Chifukwa thabwa loipa mutha kulikonza ndi tupa, koma loko woipa wa flintlock adzakudanitsani ndi chizolowezi chonse. Chitsulo chokhulidwa ndi mwala chikakhala chofewa, moto sutuluka. Masipuling'i akakhala osagwirizana mphamvu, mwala umaphwanyika mutangowombera kangapo. Tambala akamamenya molakwika, mwala umagunda m'malo mokhula. Zotsatira zake ndi ija yoti mwakoka, kwamveka tswa, kenako kachete, kenako mfuti n'kulira mutatsitsa kale. Anthu ambiri amene amati flintlock ndi yochedwa anaphunzirira pa loko wotere. Wabwino amalira limodzi ndi kukoka.

Maloko odziwika ndi Siler, amene amapangidwa ndi Chambers, komanso L&R, Davis ndi a Kibler. Pa percussion nkhawa imeneyi ndi yochepa, poti ntchito ya loko n'kungomenya kapu. N'chifukwa chake ndinati wa ndalama zochepa ayambire kumeneko.

Thabwa la mtengo wanji?

Mfuti zazitali zambiri ndi za maple. Walnut ndi cherry zimapezekanso. Makiti otchipa amakhala a mtengo wina wolimba monga beech, umene sumwa utoto mofanana. Maple wa mizeremizere yopingasa ndi wokongola, ndipo mtengo wake umakwera ndi kuchuluka kwa mizereyo. Koma ndi wamakani posema: tchizulo ikangobuntha pang'ono imabenthula m'malo modula. Pa kiti ya makina imene simusema kwambiri, gulani wokongola momwe mungathere. Pa kiti yogoba nokha koyamba, tengani wamba.

Yezaninso mtunda wochokera pa trigger kufika paphewa. Zambiri zimakhala pafupi ndi mainchesi 13 ndi theka. Ngati ndinu wamfupi kapena mudzawombera mutavala jekete la chisanu, funsani za zimenezi musanagule, poti kufupikitsa thabwa lokhala ndi chitsulo chokhota kumapeto si ntchito yaing'ono.

Ndikufunika zipangizo zanji?

Pa magulu awiri oyamba aja n'zochepa: vayisi yovekedwa zikopa kuti isadinde thabwa, matupa awiri kapena atatu, matchizulo ang'onoang'ono ndi mwala wonolera, sandipepa kuyambira 120 mpaka 320 pamodzi ndi kathabwa komukulungira, kahamala kamtengo, ndi masikuludiraiva amene nsonga yake imadzaza bwino mpata wa sikuluwu. Awa omalizawa musawapeputse. Sikuludiraiva wa m'kabati ya kukhitchini amatsetsereka n'kulemba mzere pathabwa umene mudzauona moyo wanu wonse.

Mufunikanso mwaye. Mumadetsa chitsulo pa lawi la kandulo kapena nyali ya parafini, n'kuchikanikiza pamalo pake, n'kuchichotsa. Pomwe pada pathabwa ndi pomwe pakukana, ndipo mumapala pamenepo pokha. Mudzabwereza zimenezi kambirimbiri. Pa gulu lachitatu onjezerani makina obowolera oima ndi zodulira mazinga.

Kamakina kozungulira kamagetsi kosemera kaja kasiyeni m'bokosi mwake.

Oyamba kumene amalakwitsa pati kawirikawiri?

Ndinene zanga. Pa kiti yanga yoyamba, mchira wa mpope unkakana kukhala pansi. Unali Loweruka usiku, kunja kuli chisanu, ndipo ndinali nditauza mayi akunyumba kuti mawa mfuti yatha. M'malo modetsa ndi mwaye n'kuona pokana, ndinamanga bawuti mwamphamvu kuti ikokere mchirawo pansi. Ndinangomva kuti the, ndipo mng'alu unayenda kuchokera pamchira kutsikira pogwira dzanja. Ndinamata ndi guluu, sunapitirire, koma mpaka lero chala changa chimaupeza mng'aluwo ndisanayang'ane. Pokana penipeni panali kachidutswa kosaposa njere ya mpunga.

Zina ndi izi. Kupala thabwa ndi sandipepa zitsulo zitachotsedwa kumabulungiza m'mphepete, ndipo mukabwezera chitsulo pamakhala mpata. Palani zili pamodzi. Kusiya thabwa lonenepa ndanena kale. Kumanga sikuluwu ya m'thabwa la maple popanda kubowola kaye kabowo kotsogolera kumaidula mutu. Ndipo kupaka utoto musananyowetse thabwa, kuliumitsa ndi kupalanso ubweya umene umadzuka kawiri kapena katatu, kumasiya thabwa lokhakhala.

Thabwa ndi chitsulo amazipaka chiyani?

Pa maple, njira yakale ndi madzi a asidi osungunuliramo chitsulo, otchedwa aqua fortis. Mukapaka, thabwa limasanduka lobiriwira monyansa mpaka mungaganize kuti mwaliwononga. Mukaliwotcha ndi mpweya wotentha, limatembenuka kukhala lofiirira, mizere ija n'kutumphuka. Yesani kaye m'ngalande ya mpope momwe simuoneka. Pamwamba pake mumapaka mafuta a linseed kapena vanishi ya mafuta, pang'onopang'ono ndi chala, kudikira kuti ziume musanabwereze. Nsanza za linseed musaziunjike m'bini. Zimatha kuyaka zokha.

Chitsulo amachidetsa ndi dzimbiri loweta. Mumachotsa mafuta onse, kupaka mankhwala monga a Laurel Mountain Forge, kusiya pachinyezi, kupukuta dzimbiri lapamwamba, ndi kubwereza mpaka chikhale chofiirira mofanana. Kenako mumaletsa dzimbirilo ndi madzi a soda n'kupaka mafuta. Tsekani kukamwa ndi kabowo koyatsira kuti mankhwala asalowe mkati.

Onga wake ndi uti?

Onga wakuda wogula, wa makampani monga Goex, Swiss kapena Schuetzen. Zilembo F zimasonyeza kusalala kwake: FFg ndi wa mipope ikuluikulu, FFFg wa ing'onoing'ono, FFFFg wa m'kambale ka flintlock. Olowa m'malo monga Pyrodex ndi Triple Seven amagwira pa percussion, koma amafuna moto wotentha kwambiri kuti ayake, choncho pa flintlock sathandiza. Musanagule flintlock, yambani mwadziwa komwe mudzapeza onga weniweni, chifukwa masitolo ambiri sausunga ndipo kuitanitsa kumakhala ndi ndalama yowonjezera ya katundu woopsa.

Onga wa mfuti zamakono, wopanda utsi, usalowe m'mfuti imeneyi ngakhale pang'ono, ngakhale utaoneka wakuda. Umaphulitsa mpope. Muyezo wothira tsatirani buku la wopanga mpope wanu, thirani kuchokera m'choyezera osati m'chitini, ndipo onetsetsani kuti chipolopolo chakhala pa onga popanda mpata. Lembani chizindikiro pandodo yotsindira chosonyeza pomwe imafika mpope ukakhala wopanda kanthu. Mukatha kuwombera tsukani tsiku lomwelo ndi madzi, muumitse, mupake mafuta. Mwaye wa onga umakoka chinyezi, ndipo mpope wogona wosatsuka umayamba dzimbiri.

Ndine wamanzere. Nditani?

Pa percussion ambiri amanzere amawombera ya kumanja popanda vuto, bola magalasi otchinga maso, amene aliyense ayenera kuvala. Pa flintlock kambale kamakhala kutsogolo kwa nkhope yanu. Ena amazolowera, ena ayi. Makiti amanzere alipo koma ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'gulu lachitatu lija. Musanaganize, bwerekani ya mnzanu muyese.

Ndingakaone kuti mfuti zotere ndisanagule?

Bungwe la National Muzzle Loading Rifle Association, limene linayamba mu 1933, likulu lake lili ku Friendship, kamudzi ka kummwera kwa Indiana, ndipo limachititsa mipikisano ikuluikulu mu June ndi September. Ogulitsa makiti amabwera ndi katundu wawo m'timashopu tamatabwa, ndipo mutha kunyamula mfuti, kuika paphewa, n'kumva nokha kusiyana kwa mpope wowongoka ndi wa swamped. Kwa amene ali ku South Bend ndi ulendo wa maola angapo pagalimoto. Ku Tennessee kuli sitolo ya Dixie Gun Works ku Union City, ndipo makalabu ang'onoang'ono ali m'madera ambiri. Tengani tepi yoyezera, ndipo mfuti imene yakukhalani bwino paphewa muiyeze kuchokera pa trigger mpaka kumapeto, mulembe nambalayo musanachoke.